Anaipha ndani Doctor Who?

Lamlungu pa 1 Marichi 2020, mayina a ochita sewero asanathe n'komwe kudutsa pa TV, mwana wanga anadzuka pa sofa, n'kuponya rimoti pa khushoni. "Amayi, basi. Anthu awa aipha." Nsima inali itazizira m'mbale chifukwa kwa ola lathunthu palibe anatema mbamu. Tinali titangoonera gawo la Doctor Who lotchedwa The Timeless Children, ndipo mnyamatayo, amene panthawiyo anali ndi zaka 16, anakwera kuchipinda kwake osatsanzika. Ine ndinatsala ndekha pabalaza. Nanenso mtima unkandiwawa, koma ndikanafunsidwa usiku umenewo kuti chandiwawa n'chiyani, sindikanayankha. Zanditengera zaka kuti ndichigwire, ndipo chimene ndachigwira chikusiyana ndi chimene mwana wanga amanena mpaka lero.

Ambiri a ife amene tinakulira ku Malawi seweroli sitinakule nalo. Wailesi ya kanema yathu inayamba mu 1999, pamene Doctor Who anali ataimitsidwa kale zaka khumi. Choncho ndifotokoze pang'ono. Ndi sewero la BBC limene linayamba kuonetsedwa pa 23 Novembala 1963, tsiku lotsatira kuphedwa kwa Pulezidenti Kennedy. Mwini nkhani amangotchedwa Doctor. Maonekedwe ake ndi a munthu, koma ali ndi mitima iwiri, ndipo kwawo ndi ku dziko lakutali lotchedwa Gallifrey. Amayenda m'chombo chotchedwa TARDIS, chimene kunja kwake n'kabokosi ka buluu ka apolisi akale a ku Britain pomwe mkati mwake n'chachikulu kuposa nyumba. Chombochi chimapita kulikonse, kaya ndi kale, kaya ndi m'tsogolo. Mu 1966 William Hartnell, amene anayamba kusewera ngati Doctor, thanzi lake litafooka, olemba anapeza nzeru yakuti Doctor akafika pakufa thupi lake lizisandulika, n'kukhala ndi nkhope ina ndi khalidwe lina. Nzeru imeneyo ndi imene yasunga seweroli zaka zoposa 60. Linaimitsidwa mu 1989, n'kudzabwerera mu 2005, likujambulidwa ku Cardiff.

Ine ndinalidziwira kuntchito. Mu 2007 ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kumpoto kwa England, ndipo munali agogo ena aamuna amene Loweruka lililonse madzulo ankaimba belu, osati chifukwa cha kudwala ayi, koma kuti wina awasunthire mpando pafupi ndi TV. Iwo analiona seweroli kuyambira gawo loyamba, ali bambo wachinyamata, ana awo atabisala kuseri kwa sofa poopa ma Dalek, adani oopsa a Doctor. Tsiku lina mu Juni chaka chimenecho ndinawabweretsera tiyi, iwo n'kundigwira pamkono. "Khala pansi mwanangu, ntchito siithawa." Gawo la tsiku limenelo linali Blink, lolembedwa ndi Steven Moffat, la ziboliboli za angelo zimene zimayenda ukangophethira.

Anthu amalikumbukira gawoli chifukwa cha mantha. Ine ndimalikumbukira chifukwa cha kachigawo kamodzi. Wapolisi wachinyamata wakuda akucheza ndi mtsikana, akumufunsira, mvula ikugwa panja. Angelo aja akumukhudza, iye n'kuponyedwa m'mbuyo mpaka 1969. Patangopita mphindi zochepa mtsikanayo akulandira foni, akupita kuchipatala, akupeza nkhalamba ili gone pabedi. Ndi mnyamata uja. Wakhala moyo wake wonse, wakwatira, wafedwa, ndipo mvula imene ikugwa pawindo ndi yomwe ija. Akudziwa kuti ikakata, iyenso apita. Ndinayang'ana agogo aja. Tiyi anali atazizira m'manja mwawo, maso ali gwa pa TV, milomo ikunjenjemera. Palibe amene anatiuza kuti apa mumve chisoni. Tinangoona mvula pawindo.

Litatha, ndinawafunsa kuti, "Agogo, mwasangalala?" Anapukuta m'maso n'kunena kuti linali bwino, koma Doctor Who weniweni anatha kalekale, Tom Baker, amene ankasewera ngati Doctor, atachoka mu 1981. Ankanena zimenezi mochokera pansi pa mtima, misozi isanaume.

Apo m'pamene ndinaphunzira kuti mkangano uwu ndi wakale ngati sewero lomwe. Mu 1976 Robert Holmes analemba nkhani yotchedwa The Deadly Assassin. Kufikira nthawi imeneyo anthu a ku Gallifrey ankaoneka ngati milungu, koma Holmes anawaonetsa ngati andale okalamba, amabodza, okonda maudindo. Mtsogoleri wa bungwe la okonda seweroli, Doctor Who Appreciation Society, analemba modandaula kuti ulemerero wake wapita kuti. Lero nkhani yomweyo imawerengedwa pakati pa zabwino koposa, ndipo lamulo lakuti Doctor angasandulike ka 12 kokha, limene mwana wanga amaliteteza ngati lemba la m'Baibulo, linachokera m'nkhani imene makolo a okonda seweroli anaikana. Patapita zaka khumi, mu 1986, achinyamata ena a bungwe lomwelo anaitanidwa pa pulogalamu ya BBC yotchedwa Open Air, ndipo mmodzi wa iwo, wa zaka 16, anadzudzula kalembedwe ka chaka chimenecho, olemba ake Pip ndi Jane Baker akumva. Mnyamatayo anali Chris Chibnall, yemweyo amene anadzalemba The Timeless Children. Anali ndi msinkhu wa mwana wanga, ndipo ndikhulupirira kuti mkwiyo wake unali woona ngati wa mwana wanga.

Ena akamva mbiri imeneyi amati ndiye kuti palibe nkhani, anthu amangokonda Doctor amene anakula naye. Ine sindivomereza. N'zoona kuti aliyense amakonda wa ubwana wake, koma kalembedwe koipa kalipo ndithu, ndipo munthu amene wakonda chinthu zaka zambiri amakazindikira msanga kuposa wongodutsa. Chimene ndimakana n'chakuti panali nthawi ina imene zonse zinali bwino.

Russell T Davies, amene anaukitsa seweroli mu 2005, ndi katswiri pa anthu. Amadziwa mmene mayi amakalipira mwana wake wamkazi kukhitchini, mmene munthu wogwira ntchito m'sitolo amatopera. Koma pomaliza nkhani amakonda kudula njira. Mu 2007 Martha Jones, mnzake wa Doctor, anayenda wapansi dziko lonse kwa chaka chathunthu, Doctor ali m'manja mwa mdani wake, ndipo mapeto ake anali akuti anthu onse atchule dzina la Doctor nthawi imodzi, iye n'kupeza mphamvu, n'kuwala, n'kuyandama. Ulendo wa Martha unayenera mapeto olemera kuposa amenewo. Moffat, amene anatenga udindo wotsogolera seweroli mu 2010, vuto lake ndi nzeru zochuluka. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: amatsegula zinsinsi zisanu, atatseka ziwiri wayamba kale zina. Ndiponso safuna kuti munthu afe n'kukhaladi wakufa.

Komatu Moffat yemweyo ndi amene analemba Heaven Sent mu Novembala 2015, ndipo gawo limeneli ndi limene ndimayezera ena onse. Mnzake wa Doctor, Clara, wangofa kumene. Peter Capaldi, amene akusewera ngati Doctor, ali yekhayekha pafupifupi ola lonse, m'nyumba yachifumu yozunguliridwa ndi nyanja, chinthu chofunda nsalu chikumulondola pang'onopang'ono osapuma. Njira zotulukira zilipo ziwiri. Akhoza kuulula chinsinsi chimene omutsekerawo akufuna, n'kumasulidwa. Kapena akhoza kuboola khoma lolimba kuposa diamondi ndi zibakera. Akusankha khoma. Akumenya kangapo, chinthu chija chikumupeza, chikumuwotcha, iye akukwawa magazi ali chuchuchu kubwerera kuchipinda kumene anafikira, akudzipsereza kuti atulutse Doctor wina watsopano amene sakudziwa kanthu, ndipo ameneyo akuyambanso ulendo womwewo. Zigaza zimene zadzaza pansi pa nyanja ndi zake zomwe. Pambuyo pake timauzidwa kuti zinatenga zaka mabiliyoni 4.5. Mayi anga anamwalira chaka chimenecho ine ndili kuno, maliro ndinawamvera pafoni. Ndinaonera gawoli kawiri usiku umodzi. Aliyense amene anafedwapo akudziwa kudzuka m'mawa n'kupeza khoma lomwe lija. Wolemba sananene kuti nkhani yake ndi ya chisoni cha maliro. Anangomuika munthu patsogolo pa khoma n'kumusiya asankhe. Sabata yotsatira anamubweza Clara, ndipo ndinakhumudwa, koma ola limene lija palibe angandilande.

Tsopano ndibwerere ku Lamlungu lija. Mu The Timeless Children timauzidwa kuti Doctor si wa ku Gallifrey. Anali mwana wotoledwa pansi pa chipata cha kumalo ena osadziwika, ndi mayi wofufuza zakuthambo dzina lake Tecteun. Mwanayo atagwa kuphompho n'kusandulika thupi, Tecteun anayamba kumuyesa ngati mbewa, kumupha mobwerezabwereza mpaka anapeza chinsinsi cha kusandulikako n'kuchigawira anthu a mtundu wake. Doctor anakhala ndi miyoyo yambiri Hartnell asanabwere, ndipo anamufufutira zonse m'mutu.

Dandaulo la mwana wanga, limenenso ndi la anthu ambiri, n'lakuti Chibnall anaphwanya mbiri. Hartnell salinso woyamba, lamulo la ka 12 lasanduka bodza, zaka 57 zalembedwanso ndi munthu mmodzi. Tinakangana za izi kangapo m'miyezi ya Covid ija, titatsekeredwa m'nyumba, ine ndikuchokera ku shifiti ya usiku. Ndinkamuuza kuti, "Iwe, mbiri ya seweroli yasinthidwa kangati? Mitima iwiriyo sinatchulidwe mpaka 1970. Dzina lakuti Gallifrey linabwera seweroli litatha zaka khumi. Ngakhale mu 1976 muja, nkhani ya The Brain of Morbius inaonetsa nkhope zina zimene zinkaoneka ngati za Doctor Hartnell asanakhaleko." Iye ankangoti, "Amayi, inu simukumvetsa." Mwina n'zoona. Koma ine kusintha mbiri sikunandipweteke.

Zinandipweteka ndi ziwiri. Choyamba ndi mmene nkhaniyo inakambidwira. Kwa nthawi yaitali ya gawolo, Jodie Whittaker, amene akusewera ngati Doctor, waimikidwa malo amodzi, womangidwa ndi mphamvu ina, sangasunthe, ndipo mdani wake Master akumufotokozera mbiri yake ngati mphunzitsi pa bolodi. Chinsinsi chachikulu kuposa zonse m'moyo wa Doctor, iye sanachifufuze, sanachivutikire, sanalipire kanthu kuti achipeze. Anangouzidwa. Ndipo pamapeto, itafika nthawi yosankha kuphulitsa bomba limene likanapha iye ndi adani ake, akulephera, ndiye pakutulukira nkhalamba ina, Ko Sharmus, n'kumuchitira. Yerekezani ndi Capaldi ndi khoma lake. Kuno mwini nkhani akuchita, uko mwini nkhani akuchitiridwa.

Agogo anga aakazi ankatiimbira nthano pakhonde, dzuwa litalowa, ife tikuvomera kuti tili tonse. Kalulu wawo sanali wofanana ndendende ndi Kalulu wa azakhali athu. Kwa wina anabera Njovu, kwa wina Fisi, ndipo palibe mwana amene anadandaulapo. Koma wokamba akangosiya nthano n'kuyamba kufotokoza kuti Kaluluyu makolo ake anali ndani, anachokera mudzi uti, kapena kuti phunziro lake n'lotani nthano isanathe, mawu a tili tonse ankayamba kuchepa, wina n'kuyamba kusinza. Khutu limene ndinalipeza pakhonde paja ndi limene ndimamvera nalo Doctor Who. Lomwelo linandiuza kuti gawo la Orphan 55, mu Januwale 2020, linalakwika pamene Doctor anaima pamapeto n'kuyamba kutilalikira za kuwonongeka kwa chilengedwe. Uthengawo ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse, kwathu mvula yasokonekera ndipo abale anga akuvutika. Koma nkhani ikanayenera kundigwira pakhosi yokha, osati kuimitsidwa kuti wolemba alankhule.

Chachiwiri ndi chozama. Doctor amene ndinamukonda anali munthu wamba kwawo, wosakhoza bwino kusukulu, amene anaba chombo chakale n'kuthawa chifukwa sanafune kungokhala n'kumaonerera ena akuvutika. Ukulu wake unali m'zosankha zake. The Timeless Children inamusandutsa gwero la mtundu wonse, wapadera chibadwire. Ndikudziwa kuti ena, makamaka amene analeredwa ndi makolo osawabereka kapena amene anachotsedwa kwawo ali aang'ono, anadziona m'nkhaniyo, ndipo sindingawatsutse. Mwana wotengedwa kwina, n'kudyeredwa ndi amene anamutola, iwo n'kumanga ufumu pa thupi lake, n'kumuiwalitsa kumene anachokera: munthu wa ku Africa sangamve zimenezi osakumbuka kanthu. Mbewu ya nkhani yamphamvu inalipo. Inangofunika kubzalidwa m'zochita, kwa magawo angapo, Doctor akuifukula ndi manja ake.

Pali china chimene sindingachilumphe. Mu Julaye 2017, BBC italengeza kuti Whittaker akhala mkazi woyamba kusewera ngati Doctor, anthu ena anayamba kunena kuti kalembedwe kaipa gawo lililonse lisanaonetsedwe. Zomwezo zinachitikanso Ncuti Gatwa atasankhidwa kukhala Doctor, mnyamata wobadwira ku Rwanda n'kukulira ku Scotland. Mawu akuti kalembedwe asanduka chofunda cha anthu amene chikuwavuta ndi nkhope. Izi zimandipweteka pawiri, chifukwa zimachititsa kuti ife amene tili ndi dandaulo lenileni tizioneka ngati a gulu lomwelo, ndiponso zimapatsa olemba pothawira. Nthawi imene Chibnall ankatsogolera seweroli inali ndi zofooka zenizeni. Anzake a Doctor analipo atatu, ndipo mbewa zikachuluka siziika masa: mmodzi wa iwo, Yaz, anatha chaka chonse choyamba alibe chochita chodziwika. Koma nthawi yomweyo inatipatsa gawo la Rosa, mu Okutobala 2018, lolembedwa ndi Malorie Blackman pamodzi ndi Chibnall, limene mbali yake inajambulidwa ku South Africa. Ku Montgomery ku America, pa 1 Disembala 1955, Doctor ndi anzake akuzindikira kuti kuti mbiri iyende mmene inayendera, ayenera kukhala pamipando ya basi kuti idzaze, mayi wakuda Rosa Parks auzidwe kuti adzuke, asiyire mzungu malo. Sangamuthandize. Graham, mmodzi wa anzake a Doctor, mzungu wachikulire amene mkazi wake womwalira anali wakuda, akuima pakati pa basi, nkhope yake ikukana, koma akudziwa kuti ndi iye amene akufunika kukhala chifukwa. Kumeneko ndiye kulemba. Munthu wapatsidwa chosankha chowawa, ife tikumuona akuchisenza.

Davies atabwerera mu 2023, ndalama za Disney zitalowa, ambiri tinayembekezera kuti zonse zikonzeka. Sizinatero. Magawo pachaka anatsika kufika pa 8, pomwe mu 2005 analipo 13, ndipo zikuoneka. Ubwenzi wa Doctor ndi mnzake sukhala ndi nthawi yokula, timangouzidwa kuti amakondana kwambiri. Mapeto a chaka akadali aja odula njira. Komabe mu Juni 2024 kunabwera Dot and Bubble. Gawo lonse Doctor akuyesetsa kupulumutsa achinyamata olemera a mumzinda wina ku zilombo zimene zikuwadya, akulankhula nawo pa sikirini. Mtsikana amene akumuthandiza akumuyankha mwamwano, ndipo woonera akuganiza kuti ndi kupusa chabe kwa mwana wolemera. Pamapeto, opulumukawo akukumana naye maso ndi maso, iye akuwapempha kuti alowe m'chombo chake awapititse kotetezeka, iwo akukana. Sangayende ndi munthu wa khungu lake. Akusankha kukwera bwato kupita kuthengo kumene akafere. Gatwa akuwachonderera, kenako akuseka, kenako akukuwa, misozi ikutsika. Ine ndinazindikira kuyambira pachiyambi kuti mumzindamo mulibe wakuda ndi mmodzi yemwe, chifukwa ndakhala ndikulowa m'zipinda zotere zaka zambiri. Ndasambitsapo munthu amene ankapempha kuti abwere wina osati ine. Mnzanga wina wachizungu wa kuntchito anandiuza kuti iye sanaone kanthu mpaka mphindi zomaliza, ndipo anabwerera kukaonanso kuti apeze zimene anaphonya. Wolembayo anadziwa kuti oonera ake ali pawiri, ndipo analemba gawo limodzi logwira onse, aliyense pamalo pake.

Agogo aja a m'nyumba ya okalamba anamwalira Matt Smith asanayambe kusewera ngati Doctor. Mwana wanga, amene Doctor wake ndi Smith yemweyo, tsopano ali ku yunivesite, ndipo ngakhale ananena kuti basi, sanasiye kuonera. Mu Meyi 2025 anandiimbira foni usiku, atangoonera The Story and the Engine, lolembedwa ndi Inua Ellams, limene limachitikira mu babashopu ya ku Lagos, mmene amuna otsekeredwa akukakamizidwa kukamba nthano kuti injini iyende. Anati, "Amayi, mwaona mmene Doctor analowera mu babashopu muja? Ngati wafika kwawo." Ndinati ndaona. Anati pakati pake panali kulongosola kochuluka, ndipo ndinavomera. Kenako anabwereranso ku nkhani yake yakale, kuti zonsezi zikanakoma kwambiri Chibnall akanapanda kukhudza Hartnell. Ndinamuuza kuti Hartnell sanakhudzidwe, magawo ake amene sanatayike akadalipo, akhoza kuwaonera mawa lomwe. Anati nkhani si imeneyo. Ndinati nanga ndi iti. Tinalankhula mpaka foni yake inatsala pang'ono kuzima, ine yunifolomu ndisanavule.